Kabokosi ka eriyo ka 49:1 kopanga pamanja: ndakagwiritsa ntchito, ndipo mwini wake akusiya kupanga

Bambo ena achikulire a ku South Africa, amene kwa zaka zambiri akhala akupanga timabokosi ta eriyo ta 49:1, tolumikizira waya wa eriyo ku wailesi ya amateur, m'galaja ya pakhomo pawo, atiuza ife ogula kuti akusiya. Akuti akangomaliza kukulunga waya pa mphete za ferrite (chinthu cholimba chogwira maginito) zimene zatsala m'dilowa mwawo, sadzaitanitsanso zina. Dzina lawo sinditchula pano, poti si kampani ayi, ndi munthu wopuma pantchito amene amachita zimenezi chifukwa chokonda wailesi basi. Kamodzi mwa timabokosi tawo kali pakhomo panga kuno ku Zomba, kakhala padzuwa ndi pamvula kwa zaka zingapo tsopano. Ndikudziwa kuti pali anzanga amene akulingalira zothamangira totsalato, enanso akufuna kugula kwa munthu amene anakagwiritsapo kale ntchito, ndiye ndati ndifotokoze zimene ndaona ndi maso anga.

Kwa amene simunaidziwe, wailesi ya amateur si youlutsira nyimbo kapena nkhani za m'mawa. Ndi yolankhulirana munthu ndi munthu, kaya ndi mawu, kaya ndi Morse, kaya kudzera pa kompyuta. Umatenga laisensi ku MACRA ndipo umapatsidwa dzina loitanira pamphepo loyamba ndi 7Q. La anzathu a ku Zambia limayamba ndi 9J, a ku Mozambique C9, ambiri a ku South Africa ZS. Kuno kwathu tilipo ochepa kwambiri, moti ukangoitana ndi 7Q madzulo pa bandi ya mamita 20 (bandi ndi chigawo cha mafunde a wailesi, chotchulidwa ndi kutalika kwa funde lake), a ku Ulaya amakuunjikira onse nthawi imodzi mpaka osamva kuti uyambe kuyankha uti. Kuchepa komweko ndi kumene kumativutitsa pa nkhani ya zipangizo. Ine sindinaonepo sitolo ku Limbe kapena ku Lilongwe yoti ungalowe n'kupempha mphete ya ferrite. Chilichonse chimabwera m'chikwama cha wachibale. Kanga kanabwera ndi msuweni wanga pa basi yochokera ku Joni, atakakulunga m'thawulo pakati pa zovala.

Kabokosiko kamakwana m'chikhatho. Ndi ka pulasitiki yotuwa, chivindikiro chake chimamangidwa ndi masikuluwu anayi ndipo m'mphepete muli kalabala kotchinga madzi. Pansi pali soketi ya BNC polumikizira chingwe cha coax chochokera ku wailesi. Pamwamba pali bawuti yosachita dzimbiri ndi nati yomanga ndi zala, pomwe umamangirira waya wa eriyo, komanso kachitsulo kozungulira kokolekera chingwe kuti kulemera kwa waya kusakoke bawutiyo. Mukatsegula mupeza zinthu ziwiri zokha: mphete imodzi ya ferrite ya mtundu 43, yotchedwa FT-140-43, yotambalala mamilimita pafupifupi 36, ndi capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) ya 100 pF yopirira magetsi amphamvu. Pa mphetepo pakulungidwa waya wamkuwa wopaka vanishi maulendo 14, ndipo maulendo awiri oyambirira wapotana ndi waya wachiwiri wochokera ku soketi ija.

Masamu ake ndi osavuta. Mukagawa 14 ndi 2 mupeza 7, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 7 ndi 49. Wailesi imafuna kuona ma ohms 50, pomwe kunsonga kwa waya wotalika theka la funde la wailesi kumakhala ma ohms masauzande angapo. Mukachulukitsa 50 ndi 49 mupeza 2450, ndiye awiriwa amamvana. Ntchito yonse ya kabokosi ndi imeneyi.

Chifukwa chimene ambiri a ife timakondera eriyo yamtunduwu ndi malo. Eriyo ina yotchedwa dipole imafuna kuti coax ikalowere pakati pa waya, m'mwamba, ndipo imafuna mitengo iwiri kapena mlongoti. Iyi, imene kabokosi kamalumikizidwa kunsonga kwa waya, imangofuna mtengo umodzi. Ine ndinaponya mwala womanga ku chingwe cha mbedza ndi legeni pa nthambi ya bulugamu kuseri kwa nyumba, n'kukokera wayayo m'mwamba, kabokosi n'kukakoleka pa nsanamira ya khonde. Waya wa mamita 20 ndi pang'ono ndi theka la funde pa 7 MHz, ndipo waya yemweyo amagwiranso pa 14, pa 21 ndi pa 28 MHz, kutanthauza mabandi anayi, 40, 20, 15 ndi 10, popanda tuner, chipangizo chapadera chogwirizanitsira wailesi ndi eriyo. Kwa munthu wokhala nyumba ya lendi, amene tsiku lililonse akhoza kuuzidwa kuti asamuke, palibe eriyo ina yomuyenera kuposa iyi. Umaimasula, kuikulunga pamkono, n'kuiika m'jumbo.

Tsopano nkhani ili pa manja a bambowa, chifukwa chojambula cha 49:1 si chinsinsi, aliyense akhoza kuchipeza. Nditatsegula chivindikiro koyamba ndinakhala kanthawi ndikungoyang'ana. Waya wakumbatira mphete mothina, palibe pamene wafutukuka n'kusiya mpata pakati pa iye ndi ferrite. Atafika pakati pa maulendo aja anamuwolotsa kupita tsidya lina la mphete, kuti nsonga yotulukira ikhale kutali ndi yolowera. Pomwe anawotcherera, vanishi anaipala yonse mpaka mkuwa kuwala, ndipo mtovu unayenderera bwino, wosalala, wopanda zibuluma. Mphete yokhayo anaimangirira pa kathabwa ka pulasitiki kuti isamagogode m'bokosi mphepo ikamawomba, poti ferrite ndi yosachedwa kusweka. Aliyense amene anayesapo kukulunga waya wokhuthala milimita imodzi pa mphete yaing'ono chonchi akudziwa m'mene zala zimapwetekera, makamaka chala chachikulu.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kapepala kamene anamata mkati mwa chivindikiro. N'kolembedwa ndi bolopeni ya buluu, zilembo zopendekeka za munthu wa sukulu yakale. Palembedwa tsiku limene anakapanga, nambala yake, ndi SWR (muyeso wosonyeza m'mene wailesi ndi eriyo zikumvanira; ikatsika ndiye kuti zili bwino) imene anapeza pa bandi iliyonse mwa anayi aja atalumikiza resistor m'malo mwa waya. Pansi pake analembapo malire a mphamvu: ma watts 100 pa SSB, kutanthauza polankhula ndi mawu, koma osapyola 25 pa njira za kompyuta. Nditabwereka NanoVNA, kachipangizo koyezera eriyo, kwa mnzanga ndinayesa ndekha ndi resistor yanga, ndipo manambala anali pafupi kwambiri ndi awo. Apa m'pamene ndinadziwa kuti kabokosi kalikonse kamadutsa pa tebulo lawo loyesera kasanalowe mu envelopu. Chinthu chochoka ku fakitale chimabwera ndi pepala losindikiza lofanana kwa onse, lonena za mtundu wa chinthucho. Kapepala aka kakunena za kabokosi kanga kenikeni.

Pamphepo kamachita zimene anati kadzachita. Wailesi yanga ndi Yaesu FT-818, ya ma watts 6 okha, ndipo nthawi zambiri ndimaiyendetsa pa batire laling'ono la 12 V limene ndimatchaja ndi sola. Nthawi yabwino kwambiri ndi pamene magetsi azima m'dera lonse: matchaja a foni, mababu a LED ndi ma TV a anthu oyandikana nawo zonse zimakhala zii, phokoso la pa bandi limagwa, ndipo masiteshoni amene anabisika amayamba kumveka. Pa mamita 40 m'mamawa ndimalankhula ndi mawu ndi anzathu a ku Zimbabwe, Zambia ndi South Africa. Pa 20 madzulo, Italy, Germany ndi Spain. M'chaka cha 2024, dzuwa litafika pachimake pa nyengo yake ya zaka pafupifupi 11, bandi ya mamita 10 inatseguka mosangalatsa, ndipo pa FT8, imodzi mwa njira zolankhulirana kudzera pa kompyuta, ndinafika ku Japan ndi ku Brazil. Musaganize kuti kabokosi ndi kamene kanandifikitsa kumeneko. Zimenezo ndi ntchito ya dzuwa, ya waya, ndi kutalika kwa bulugamu. Udindo wa kabokosi ndi woti kasadye mphamvu yochepa imene ndili nayo, ndipo pa ma watts 6 sindinakapezepo katafunda ngakhale pang'ono.

Zofooka zilipo, ndipo amene mukufuna kugula muzidziwe.

Choyamba ndi kutentha. FT8, imene a Joe Taylor ndi a Steve Franke anatulutsa mu 2017, imatumiza mphamvu yonse mosalekeza kwa masekondi pafupifupi 13 pa chigawo chilichonse cha masekondi 15, kenako imamvetsera, kenako imatumizanso. Polankhula ndi mawu mphamvu imakwera ndi kutsika, mphete imapeza mpata wopuma. Pa FT8 mpatawo ndi wochepa. Mnzanga wina anabwera ndi wailesi yake ya ma watts 100 tsiku lina la mu October, dzuwa likuswa mtengo, n'kulumikiza pa eriyo yanga pa 14.074 MHz. Anakweza mphamvu kupyola malire a pa kapepala paja, ndipo posakhalitsa tinaona SWR ikukwera yokha pang'onopang'ono. Titagwira kabokosi kanali kotentha moti sukanasunga dzanja nthawi yaitali. Ferrite ikatentha kwambiri imaleka kugwira ntchito yake. Tinazimitsa, kanazizira, kanabwerera mwakale. Bambowa sananame, malire anawalemba okha. Koma ndimaona kuti kwa ife a kuno, kumene kabokosi kamakhala padzuwa la October tsiku lonse, ngakhale 25 imeneyo ndi yofunika kusamala nayo. Kakolekeni pamthunzi.

Chachiwiri ndi kabowo kotulutsira madzi kamene anaboola pansi. Nzeru yake ndi yabwino, chifukwa bokosi lotsekeratu limachita thukuta mkati ndipo madziwo amasowa kolowera. Koma kabowoko ndi khomo la nyerere. Nyengo ina ya mvula SWR inasintha pa mabandi onse popanda chifukwa chooneka, ndipo nditatsegula ndinapeza nyerere zazing'ono zitamanga mudzi pansi pa mphete, mazira ndi dothi lonyowa zili mbwee pakati pa mawaya. Ndinatsuka ndi kamswachi, n'kuumitsa, n'kumata kachidutswa ka neti ya udzudzu pa bowolo. Kuyambira pamenepo sizinabwerenso. Nditawauza bambowa anayankha tsiku lomwelo, ndipo anati totsatira tonse aziika kaneti. Mnzanga amene anagula pambuyo panga anakapezadi kali ndi kaneti kale.

Chachitatu si vuto la kabokosi kawo kokha koma la eriyo zonse zamtunduwu. Poti waya ndi mmodzi, mbali ina ya mphamvu imabwerera kudzera kunja kwa coax. Pa ma watts ochepa simungazindikire, koma mukakweza, kompyuta imayamba kuchita zachilendo, chingwe cha USB chimaduka chokha, ndipo nthawi zina chitsulo cha maikolofoni chimaluma pa mlomo. Mankhwala ake ndi choke, kachipangizo kotchinga mphamvu yobwererayo, pa coax, mamita angapo kuchoka pa kabokosi. Bambowa sankagulitsa choke pamodzi ndi kabokosi, ndipo pa kapepala kawo sanatchulepo za zimenezi. Apa ndikuona kuti anaperewera, chifukwa munthu wongoyamba kumene angaganize kuti wagula chinthu chowonongeka. Palinso nkhani ya kudula waya. Mukamuduladula kuti akhale bwino kumunsi kwa bandi ya mamita 40, pa 15 ndi pa 10 malo ake abwino amakonda kukwera m'mwamba kuposa pamene mukufuna. Ena amakulunga kakoyilo kakang'ono pa wayayo pafupi mamita awiri kuchoka pa kabokosi kuti akokere mabandi apamwambawo pansi. Ine ndinachita zomwezo ndipo zinathandiza.

Soketi ya BNC ine imandikomera poti FT-818 ili nayo kutsogolo, koma amene muli ndi wailesi zikuluzikulu za soketi ya SO-239 mudzafunika adaputa.

Ndichenjezenso za ana. Pa ma watts 100, pa bawuti ya pamwamba paja pamakhala ma volts pafupifupi 500, ndipo ngakhale pa ma watts 5 amapitirira 100. Kolekani kabokosi pamwamba pomwe mwana sangafikire, ndipo waya asadutse pomwe amayi amayanika zovala. Mitambo ikayamba kuda ku phiri, masulani coax ku wailesi n'kuiponya panja. Waya wa mamita 20 wokwera pa bulugamu si wosewera naye nthawi ya ziphaliwali, ndipo mulibe chilichonse m'kabokosimu chimene chingakutetezeni.

Za kusiya kwawo, anatchula zifukwa zitatu. Zala zawo zayamba kuuma m'mfundo ndipo maso satha kuona bwino powotcherera. Mphete zenizeni za mtundu 43 zakwera mtengo, ndipo zotchipa zimene zadzaza pa intaneti sungazikhulupirire, poti ferrite kawirikawiri salembapo kanthu ndipo yabodza ndi yeniyeni zimaoneka chimodzimodzi m'maso. Chachitatu, ndalama yotumizira kunja kwa dziko lawo inafika pofanana ndi mtengo wa kabokosi komweko. Zonsezi n'zomveka. Ngakhale makampani akuluakulu amasiya: Yaesu yomwe inalengeza kumapeto kwa 2022 kuti yaleka kupanga FT-818 chifukwa cha kusowa kwa zipangizo zina, pomwe wailesiyo ndi mkulu wake FT-817 zinali zitagulitsidwa kwa zaka zoposa 20. Ndiye munthu mmodzi wa m'galaja ndingamudandaule bwanji?

Ndipo asiya mwaulemu. Sanangozimiririka ngati m'mene ena amachitira, kuleka kuyankha mauthenga anthu atalipira kale. Anatiuziratu nthawi ikadalipo, anasunga ma capacitor ndi mabawuti apadera kuti azikonzera amene tinagula kale, ndipo anatitumizira tonse chojambula chawo cha pamanja chosonyeza kakulungidwe, kukhuthala kwa waya, ndi m'mene amayesera, kwaulere, n'kunena kuti aliyense wofuna kupanga apange. Pa nkhani ya kusamala ogula, ndikuwapatsa ulemu wonse.

Komabe pali chimodzi chimene chimandiwawa, ndipo ndinawauza iwo eni. Mtengo wawo unali wotsika mopitirira muyeso. Ndikawerengera mphete, bokosi, soketi, bawuti ndi capacitor, zimene zinkatsala sizikanalipira ngakhale theka la nthawi imene ankathera pa kabokosi kamodzi, osanenanso za kuyankha mafunso athu usiku. Iwo ankati sakufuna kudyera anzawo a wailesi. Mtima umenewo ndi wabwino, koma zotsatira zake ndi izi: panalibe phindu loti n'kulembera mnyamata wowathandiza, ndipo palibe wachinyamata amene akanasirira ntchitoyo n'kufuna kuilandira. Zala zawo zitatopa, ntchito yonse yaima. Akanakweza mtengo ndi theka, ambiri a ife tikanalipirabe, ndipo mwina lero pakanakhala wina wokulunga mphetezo iwo akungoyesa ndi kulemba kapepala. Ifenso ogula tili ndi chizolowezi chonenerera kwambiri kwa munthu wopanga pamanja, pomwe mtengo wa kampani timangolipira osafunsa.

Zolowa m'malo mwake zilipo zambirimbiri, zochokera ku mafakitale, zina zotchipa kuposa za bambowa. Sindinganene kuti zonse n'zoipa. Koma ndinatsegulapo ka mnzanga kena kolembedwa ma watts 100 kunja, ndipo mkati munali mphete yaing'ono kuposa FT-140, waya wowonda wokulungidwa mophwephwera, ndi guluu wothiridwa paliponse kuti zisagwedezeke. SWR yake inkaoneka yokongola pa mabandi onse, ndipo mnzangayo ankanyadira. Koma SWR yokongola paliponse nthawi zina imatanthauza kuti mphete ikumeza mphamvu n'kuisandutsa kutentha m'malo moipereka ku waya. Njira yodziwira ndi kulumikiza timabokosi tiwiri tofanana msana ndi msana n'kuyeza mphamvu yolowa ndi yotuluka, ndipo ndi ochepa amene amachita zimenezi. Kwa ife a kuno kugula molakwika n'kowawa kawiri. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochoka kunja chimafuna kuganiza kaye, ndipo chikafika chili chosayenera palibe kobweza.

Ndiye ngati wailesi yanu ndi ya mphamvu zochepa, kapena mumakonda mawu ndi Morse, ndipo muli ndi wachibale wobwera kuchoka ku Joni posachedwa, tengani kamodzi mwa totsalato musazengereze. Ngati mukugula kwa munthu, tsegulani chivindikiro pamaso pake. Onani ngati kapepala ka bolopeni kalipo, ngati mphete ilibe mng'alu, ndiponso ngati vanishi wa pa waya sanade. Vanishi wakuda ndi fungo la chinthu chopsa zikutanthauza kuti wina anakathamangitsa pa FT8 mopyola malire, ndipo koteroko musapereke ndalama zambiri. Capacitor yotupa kapena yosweka ndi yosavuta kusintha, isakuopsezeni.

Amene muli ndi wailesi ya ma watts 100 ndipo mumakhalira FT8 tsiku lonse, kabokosi aka si kanu, ngakhale kakanakhala kakupangidwabe. Inu mukufunika mphete yaikulu ya FT-240-43, yotambalala mamilimita pafupifupi 61, kapena ziwiri zosanjikiza, m'bokosi lokhala ndi mpweya wokwanira. Kakulungidwe ndi komweko, awiri ndi 14, ndipo chojambula cha bambowa chimagwira ntchito mosasintha. Gulani mphetezo kwa ogulitsa odziwika amene amatenga ku makampani a Fair-Rite kapena Amidon, ngakhale zikhale zodulirapo. Waya wamkuwa wopaka vanishi mukhoza kumupeza kwa amisiri okulunga mamota m'tauni, ndipo bokosi la pulasitiki la amagetsi la m'sitolo za hadiweya limakwana. Ine ndaitanitsa mphete ziwiri zotere, ndipo zikafika tagwirizana ndi anyamata awiri a pa sukulu ya ntchito zamanja, amene ayamba kuchita chidwi ndi wailesi, kuti tidzakulungire limodzi Loweruka lina n'kuziyesa ndi NanoVNA tisanazikweze pa mtengo.